Mutu wanga unatsegukira m'njira ya ku Kaning'ina

Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la shopu ina kufupi ndi msika waukulu wa Mzuzu, ndipo ndimakhala ku Masasa. Kwathu ndi ku Ntcheu koma kuno ndinabwera 2009, ndinakwatira konkuno, ana onse atatu anabadwira konkuno. Ndikulemba izi chifukwa cha anzanga amene mukudutsa m'zomwe ndinadutsamo ine mu 2024, makamaka azibambofe, poti ife ukatifunsa timangoti "tili bho" pomwe mkatimu mukuyaka moto.

Zinayamba pang'onopang'ono. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chinakwera, ulusi, zipi, layiningi, ngakhale singano za mashini. Chitenje cha ku msika wa Taifa chomwe mayi ankagula osaganiza kawiri anayamba kungochigwiragwira n'kuchisiya pomwepo. Makasitomala osoketsa zatsopano anachepa, otsala anali a zigamba basi, kuchepetsa thalauza la kaunjika, kusintha zipi ya yunifolomu. Lendi ikudikira, fizi ya mwana wa Fomu 3 ikudikira, ndiye ndinakatenga katapila, kenako kuti ndibweze katapilayo mayi akunyumba anakatenga ku banki mkhonde, kukumba dzenje kuti ukwirire dzenje linzake.

Tulo tinathawa. Ndinkagona 10 koloko, pofika 1 koloko maso ali gwa, ndikuwerengera ndalama zomwezomwezo mumdima, uyu ndimupatsa zingati uyu ndimuuza chani, ndikamaliza ndiyambirenso ngati mwina zisintha. Ndikatopa ndimatenga foni, Facebook, TikTok, mpaka bandulo kutha kapena tambala kulira. Kunyumba ndinasanduka munthu wokalipa, mwana akangogwetsa kapu ndiye ngati wapha munthu, ndipo tsiku lina wamng'ono uja atandiona ndikulowa pakhomo anasiya kuseka n'kukabisala kuseri kwa amake. Chimenechi chimandiwawabe mpaka lero.

Koma chomwe chinandiopsa kwambiri n'choti mutu unauma. Amene mumagwira ntchito za manja mundimvetsa. Kale kasitomala akangotambasula nsalu patebulo ine ndimakhala nditaiona kale diresi yake, kolala ikhala chonchi, maluwa awa agwere pachifuwa, mzere uwu utsike m'mbali. Chinali chinthu chongobwera chokha ngati kuyetsemula. Ndiye chinazima. Ndimatha kukhala ndi choko ndi tepi m'manja, nsalu ili apo, mphindi 30 osalemba mzere ndi umodzi womwe, mapeto ake n'kungokopera sitayilo ya pa foni yomwe telala aliyense mu tauni muno wasoka kale.

Mu Juni mutu utandipweteka masiku anayi osaleka mayi akunyumba anandikakamiza kupita kuchipatala. Anandiyeza n'kupeza kuti BP yakwera, ndipo adokotala pondilangiza za mchere ndi zina anafunsanso kuti, "Bambo, mumayenda?" Kunena zoona funsolo linandipsetsa mtima. M'Malawi muno ndani sayenda? Ine tsiku lililonse ndimatsika Masasa wapansi kupita ku tauni, madzulo kukweranso, chifukwa ya sakaramento, kabaza wa njinga uja, ndilibe. Kwa ife kuyenda wapansi ndi chizindikiro choti m'thumba mwauma, munthu akapeza ndalama choyamba ndi kusiya kuyenda. Ndiye wina azindiuza kuti mankhwala anga ndi umphawi wanga womwewo? Ndinangoti "eya ndimayenda" n'kutuluka.

Amene anandisintha maganizo ndi madala ena omwe timapemphera nawo, anagwira ntchito ya zankhalango ku Chikangawa zaka zambiri asanapume. Anabwera ndi jekete yawo yong'ambika thumba, atakhala pabenchi akundiyang'ana ndikulimbana ndi ulusi woti ulowe pa singano, manja akunjenjemera, anangoti, "A telala, nkhope iyi si yanu."

Ndinati, "Ayi madala, ndi kutopa chabe."

"Mawa 5 koloko mundipeze pa mphambano ya kumtunda kuja. Muvale za mphepo. Foni muisiye kunyumba."

Ndinapita chifukwa cha ulemu basi, munthu wamkulu sungamukanire. Munali mu Julaye, ndipo amene mumaidziwa Mzuzu mu Julaye mukudziwa chomwe ndikunena, mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,200 ndiye kuzizira kwake kumalowa mpaka m'mafupa, nkhungu ili mbuu moti munthu wa patsogolo pako umangomumva mapazi. Tinadutsa nyumba zomaliza, agalu akuuwa, tinadutsa minda ya chinangwa ndi nthochi, kenako kanjira kanalowa m'mitengo cha kumbali ya nkhalango ya Kaning'ina. Madala aja sanayankhule kanthu. Ine ndimadikira kuti ayamba ulaliki, kapena andifunsa za ngongole, koma ayi, ndodo yawo ili go go go patsogolo, ine pambuyo.

Tsiku loyambalo sindinaone chilichonse, ndisakunamizeni. Thupi linali m'nkhalango koma mutu unali pa katapila. Dzanja limangopita lokha m'thumba kufuna foni yomwe kulibe. Ndinabwerako mapazi atanyowa ndi mame, miyendo ikuwawa, ndikudzifunsa kuti ndataya ola lonse chifukwa chani. Chokhacho n'choti usiku umenewo ndinagona mpaka 3 koloko m'malo mwa 1 koloko. Maola awiri amenewo ndi omwe anandibwezanso Lachinayi lake.

Tinapangana katatu pa sabata, Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka. Cha m'sabata yachitatu ndi pomwe makutu anatseguka. Tinaima pa kamtsinje kena madala akumanga chingwe cha nsapato, ndiye ndinangozindikira kuti ndikumva madzi akuyenda pansi pa masamba, pumbwa akulira mbali iyi, njiwa mbali inayo, madontho a nkhungu akugwa kuchoka m'mitengo tho, tho, tho, pa jekete yanga. Fungo la dothi lonyowa ndi masamba owola. Ndipo kwa kanthawi, kaya mphindi ziwiri kaya zisanu, m'mutu munali zii. Munalibe mwini nyumba, munalibe wa katapila. Ndinali nditaiwala kuti m'mutu mwa munthu mumatha kukhala chete chonchi.

Apa ndi pomwe ndinamvetsa kusiyana kwa kuyenda kwanga kwa masiku onse ndi kuyenda uku. Ndikamatsikira ku tauni ndimakhala ndasenza, ngakhale m'manja mulibe kanthu. Ndikuthamangira nthawi, ndikuzemba njinga zamoto, ndikudutsa pa golosale pomwe ndili ndi ngongole ya shuga ndiye ndiyang'ane kumbali, hutala uku, fumbi uku, wina akukuitana "a telala siketi yanga ija bwanji". Miyendo ikuyenda koma maso ndi mutu zili pa ntchito yolondera. Kunkhalango kulibe chokulondalonda. Maso amangotera pomwe afuna, pa kangaude wayala ukonde wake wodzaza mame, pa mzere wa linthumbu womwe ukufunika kuudumpha, ndipo palibe chomwe chikukufunsa yankho.

Tsopano nkhani ya nsalu ija. Kumayambiriro kwa Sepitembala kunabwera mayi wina ndi zitenje zitatu zofanana, zobiriwira moderako zokhala ndi timizere tofiirira, za chinkhoswe cha mwana wawo mu Okutobala. Anati, "A telala, ndamva kuti inu ndi amene mumatha. Sindikufuna za pa foni zomwe avala kale anthu onse, mundisokere yoti ndikalowa anthu adziwe kuti make mwana ndi uyu." Anasiya theka la ndalama. Ndalamayo ndinaidya tsiku lomwelo, inapita ku lendi, ndipo nsalu inakhala m'chikwama masabata awiri ndikuiopa. Ndikaitulutsa, kuiyala, kuitembenuza, palibe chobwera. Mayi aja akaimba ndimati "ikutheka mayi, ikutheka" mtima ukugunda.

Loweruka lina tinachedwa kunyamuka ndiye dzuwa linatipeza tili pa chitunda. Amene munakhalako kufupi ndi nkhalango zachilengedwe mukudziwa zomwe mitengo ya mombo imachita nyengo imeneyi, mvula isanagwe n'komwe imaphukira masamba atsopano, ndipo satuluka obiriwira ayi, amatuluka ofiira. Tsiku limenelo phiri lonse linali psuu, pena ngati magazi, pena ngati dothi la katondo, pena ngati uchi, ndipo pansi pake masamba okhwima obiriwira. Ndinayandikira kanthambi kamodzi kotsika. Timasamba tanthete tinali tolendewera tiwiritiwiri, tofewa ngati nsalu yonyowa, kumsonga tofiira kwambiri, ukamabwerera kutsinde tikunka titembenukira ku chikasu mpaka kubiriwira, kena kugonera pa kanzake, kena kugonera pa kanzake, ndipo kamphepo kakawomba tonse timagwedezeka pamodzi dzuwa likudutsamo.

Sindinali kuganiza za diresi, ndikubwereza, sindinali kuiganiza n'komwe. Koma pomwepo ndinaiona yathunthu. Thupi lake likhale lobiriwira losalala opanda zambiri, koma mikono ndi kumunsi ndidule tizidutswa ngati masamba, ndisanje kena pamwamba pa kanzake, ndipo ndidule mwanzeru kuti timizere tofiira tija tizigwera kumsonga kwa kachidutswa kalikonse, kuti mayi akakweza dzanja povina pa perekaniperekani zonse zizigwedezeka ngati kanthambi aka. Ndinatola kamtengo n'kuyamba kujambula pa dothi pakati pa njira. Madala anabwerera, anayang'ana pansi, anayang'ana ine, n'kuti, "Jambulani, ndikudikirani." Ndinathothola kanthambi kamodzi n'kuika m'thumba la malaya, pofika ku shopu kanali katafota koma ntchito yake kanali katagwira kale. Ndinadula tsiku lomwelo. Inanditengera masiku asanu chifukwa tizidutswa tinali tambiri ndipo kalikonse kamafuna kupinda m'mphepete ndi kusita pakokha, koma masiku asanu amenewo ndinali ndikuimba pa mashini, zomwe anzanga a pakhonde anati anali atazisowa chaka chonse. Chinkhoswe chitatha kunabwera azimayi anayi ofuna yofanana nayo, ndipo aliyense ndinamusinthira pang'ono.

Ndinamufotokozera mwana wa achemwali anga yemwe akuphunzira ku Mzuni, ku Luwinga kuja, ndimaganiza kuti aseka koma anati, "Malume, zimenezotu anthu anazifufuza kale." Ananditumizira zinthu pa WhatsApp n'kumandimasulira. Mu 2014 ku yunivesite ya Stanford ku America, Marily Oppezzo ndi Daniel Schwartz anayesa anthu powapatsa mafunso ofuna kutulutsa maganizo atsopano ambirimbiri, ena atakhala pansi ena akuyenda, ndipo poyenda maganizo atsopano amachuluka ndi pafupifupi 60 peresenti. Ngakhale oyenda pa mashini oyendera m'chipinda atayang'ana khoma zimathekabe, ndipo munthu akakhala pansi atangomaliza kuyenda mutu umakhalabe wotseguka kwa kanthawi. Koma chomwe chinandigwira mtima n'chakuti pa mafunso ofuna yankho limodzi lokha lolondola kuyenda sikunathandize. Ndinati ndi zoona zimenezo! Miyezo ya kasitomala, kuwerengera kuti mamita angati akwana, mtengo woti ndimutchaje, zimenezo zimafuna nditakhala pansi ndi pensulo. Koma sitayilo, kaonekedwe, chija chimapangitsa diresi kukhala ya munthu uyu osati wina, chimabwera miyendo ikuyenda.

Ndiye ngati khoma lomwe limathandiza, mitengo ndi yachani? Mphwangayo anandionetsa kafukufuku wina wa ku Stanford komweko wa 2015, wa Gregory Bratman ndi anzake. Anatenga anthu, ena anayenda mphindi 90 kumalo a udzu ndi mitengo, ena mphindi 90 zomwezo m'mbali mwa msewu wodzaza magalimoto. Oyenda kumitengo aja anabwerako atachepetsa khalidwe lija lomangobwerezabwereza maganizo oipa okhudza iwe mwini, ndipo atawaunika ubongo mbali yomwe imagwirizana ndi maganizo oterowo inali itatsikako ntchito, pomwe a mumsewu aja sizinasinthe. Kubwerezabwereza kumeneko ndi kuja ndimachita ine 1 koloko usiku. Ndiye kuti kuyenda mu M1 kuchoka pa Katoto kukafika ku Luwinga miyendo ipindula ndithu, koma mtima supuma ngati mmene upumira pansi pa mitengo.

China chomwe chinandilimbitsa ndi cha ku England cha 2019, anafunsa anthu pafupifupi 20,000 ndipo anapeza kuti omwe amakhala kumalo achilengedwe mphindi 120 pa sabata kapena kuposera ndi omwe ambiri amanena kuti ali ndi thanzi labwino komanso mtendere mumtima, kaya mphindizo wazipeza tsiku limodzi kaya wazidula zidutswa. Maola awiri pa sabata yonse, abale. Ine pa TikTok ndimatha maola awiri usiku umodzi. Ku Japan zoyenda m'nkhalangozi anazipatsa ndi dzina lomwe kuyambira 1982, shinrin-yoku, ngati kunena kuti kusamba nkhalango. Nditawauza madala anangogwedeza mutu, anati iwo asamba nkhalango zaka 30 ku Chikangawa, m'mapaini oposa mahekitala 50,000, ndipo chiwapumitsireni ntchito chomwe amachisowa kwambiri si malipiro koma fungo la paini m'mawa, n'chifukwa chake sanasiye kuyenda.

Ndisanamize munthu, ngongole sinathe chifukwa cha mitengo. Katapila ndinamaliza kubweza mu Febuluwale 2025 ndipo ndi thukuta. Mankhwala a BP ndikumwabe monga anandiuzira kuchipatala, kuyenda sikunalowe m'malo mwake. Chomwe chinasintha n'choti mavuto omwewo ndinayamba kuwaona kukula kwake kwenikweni, osati mmene amaonekera usiku. Nzeru yopita kwa mwini nyumba kukakambirana zolipira lendi pawiri pamwezi inandibwerera m'njira. Nzeru yosoka tizikwama ndi zipewa za ana kuchokera ku zidutswa zomwe ndinkataya inandibwerera m'njira. Ngakhale mawu opepesera mayi akunyumba ndinawapeza m'njira momwemo, chifukwa pakamwa panga pamalemera, ndipo nditawanena anangoti, "Bambo a Mphatso, ife timangodikira kuti mubwerere."

Ndipo pali malire ake. Ngati wafika poti chakudya sichikulowa, sukufuna kuonana ndi munthu, masabata akudutsa uli chigonere, kapena maganizo ofuna kudzichotsa moyo ayamba kukuzungulira, chonde m'bale wanga usapite kunkhalango wekha ndi maganizo amenewo. Uza munthu lero lomwe. Kuno ku Mzuzu tili ndi mwayi, a St John of God amathandiza za maganizo ndipo alipo anthu ophunzira omvetsera, komanso ku chipatala chachikulu cha Mzuzu kapena chipatala chilichonse chapafupi akhoza kukuthandiza kapena kukulozera koyenera. Kupita kumeneko si misala ayi. Azibambo ambiri tawaika m'manda chifukwa chongoti "tili bho".

Kwa ofuna kuyesa, musayambe ndi zazikulu. Mphindi 20 kapena 30 zakwana poyamba, ndipo simukufunika nsapato zodula, ine ndimayendera zakale zomwe ndinasokanso ndekha, nthawi ya mvula gambutsi poti matope a Mzuzu ndi oterera ndipo mvula yake imachedwa kutha. Musayende nokha kumalo obisika makamaka amayi ndi atsikana, pezani mnzanu mmodzi kapena awiri, koma akhale oti atha kukhala chete, chifukwa mukatenga wokonda nkhani za ndale ndi mitengo ya zinthu ndiye mwangosamutsira msika kunkhalango. Ife lamulo lathu ndi loti popita palibe kuyankhula kupatula kupereka moni kwa okumana nawo, "mwawuka uli" "tawuka makora", nkhani timachezera pobwerera. Kaning'ina ndi nkhalango yotetezedwa, ndi komwe kumasunga madzi a Lunyangwa omwe timamwa mu mzinda muno, ndiye timayenda m'njira zomwe anthu amadutsa kale cha m'mphepete, osayatsa moto, osataya mapepala, osalowa komwe n'koletsedwa. Ngati kumeneko n'kutali ndi kwanu musadandaule, Mzuzu ndi wa madambo ndi zitunda, kaya muli ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Mchengautuwa kapena ku Nkhorongo, mukayenda pang'ono kuchoka pa msewu mupeza kanjira ka m'dimba, nthochi, mabulugama ndi kamtsinje. Za foni, ngati mukuopa zachitetezo itengeni koma ikhale m'thumba itazimitsidwa data, ndipo m'makutu musaikemo kanthu. M'malo mwake tengani kapepala ndi pensulo, poti nzeru za m'njira zimathawa msanga ngati maloto, ine zingapo zinanditayika ndisanaphunzire zimenezi.

Chimodzi chomwe chimandiwawa ndikamayenda ndi zitsa. Malo ena omwe chaka chatha tinkadutsa mumthunzi lero ndi poyera, pali dothi lakuda pomwe panali uvuni wa makala. Sindingaloze chala owotchawo ngati kuti ine ndine woyera, poti kunyumba kwanga timaphikira makala omwewo ndipo iwonso akusaka fizi ya ana ngati ine. Koma kale mtengo ndinkauona ngati nkhuni kapena thabwa, pano ndikaona chitsa cha mombo ndimamva ngati andichotsera china chake changa. Mvula yapitayi ine ndi madala tinadzala mbande 12 za mibawa ndi mikuyu m'mbali mwa kamtsinje kathu kaja, zisanu ndi ziwiri zagwira.

Masiku ano madala bondo likuwavuta ndiye Lachiwiri ndi Lachinayi ndimayenda ndi mnzanga wina wokhoma mipando, iwo amabwera Loweruka lokha ndipo timayenda pang'onopang'ono. Loweruka lapitali wamng'ono wanga uja, yemwe ankabisala kuseri kwa amake, anadzuka yekha mdima usanathe n'kuvala juzi mozondoka, akuti "adadi ndipita nawo". Njira yonse anali patsogolo ndi ndodo ya agogo akewo, kufunsa dzina la mtengo uliwonse, madala akumuyankha m'Chitumbuka ndi m'Chichewa momwe. Pobwerera matumba ake onse awiri anali odzaza masamba, akuti ndikamusokere diresi ya Khirisimasi yofanana ndi lalitali lachikasu lija, ndipo tsambalo ndaliika pansi pa galasi la patebulo langa kuti lisapindike.